Mwana wanga waombera m'manja wakuba wa m'buku, kodi Treasure Island lili ndi mankhwala anji?

Bambo a Tadala, Zingwangwa

Akuluakulu, ndabwera ndi funso loti ena mundiseka nalo, koma ine landisowetsa tulo sabata yonseyi.

Mwezi wathawu, ndikuweruka kuntchito, ndinatsikira m'tauni kuti ndiwagulire mankhwala mayi a kunyumba. Pakhonde la sitolo ina mumsewu wa Haile Selassie pamakhala mnyamata woyala mabuku akale pa makatoni: a sayansi a Fomu 3, timabaibulo, manovelo achikondi othothoka zikuto. Pakati pa zonsezo ndinaona Treasure Island, lolemba Robert Louis Stevenson. Ndinangoti chilili, ngati ndakumana ndi m'bale amene tinamulira kale maliro. Mnyamatayo anati K4,000, tinakambirana mpaka K2,500, ndipo ya minibasi inathera pomwepo. Ndinafika ku Zingwangwa wapansi, buku lili m'khwapa, mankhwala ali m'thumba.

Mumve chifukwa chake. Bukuli ndinaliwerenga koyamba mu 1993, ndili Sitandade 8 ku Ndirande. Linali la msuweni wanga, la Chingerezi chofewetsa chija cha ana asukulu, ndipo masamba omalizira munalibe. Malume anali atawang'amba n'kupichirira fodya. Nkhani inkathera pamene achifwamba afika padzenje la chuma n'kupeza kuti wina anawatsogolera kale, m'dzenjemo muli mbee. Basi. Zotsatira zinapita ndi utsi wa malume. Zaka zoposa 30 ndakhala ndikudziuza ndekha kuti Long John Silver, mtsogoleri wa achifwambawo, anamupachika, pakuti m'nthano za agogo fisi sankapulumuka.

Ndiye ndinayamba kumuwerengera Tadala, mwana wanga woyamba, wa zaka 11. Tinkawerenga madzulo magetsi akazima, ndi tochi ya foni. Ndimawerenga chiganizo m'Chingerezi, n'kuchinena m'Chichewa changa chomwechi. Mawu a zingwe ndi matanga a chombo ndimangowalumpha, palibe amene amadandaula. Tadala nyanja yamchere sanaionepo. Ngakhale yathuyi anaiona kamodzi kokha, ku Mangochi paukwati wa azakhali ake, ndipo anakana ngakhale kuviika phazi. Madzi amene amawadziwa ndi a pampopi ndi a mu Mudi akamadutsa pamlatho. Koma tsiku lachitatu mwana yemweyu anabisa rimoti, magetsi alipo, kuti tipitirize buku. Mlongo wake Yankho, wa zaka 6, anatola mpini wa tsache n'kumagogoda pansi, go go go, maso ali otseka, akuti iye ndi Pew, wachifwamba wakhungu wa m'bukumo. Amayi awo amakhala ngati sakumva, ali pakona akusankha nyemba, koma ndikalumpha tsamba ndiwo amayamba kufunsa kuti nanga adokotala aja apita kuti.

Usiku umene tinafika pa mgolo wa maapozi ndi umene wandibweretsa pano. Amene munawerenga mukukumbuka. Jim Hawkins, kamnyamata kofedwa bambo kumene, kakufuna apozi, mgolo watsala pang'ono kutha, ndiye kangolowa m'katimo n'kuyamba kusinza. Munthu wolemera thupi akhala pansi n'kutsamira mgolowo. Ndi Silver, khukhi wa m'chombo, wa mwendo umodzi, amene wakhala akumuitanira Jim kukhitchini, kumuonetsa chinkhwe chake, kumuyamikira kuti ndi mnyamata wochenjera. Ndipo Jim akumva ndi makutu ake Silver akunyengerera mnyamata wina, Dick, kuti alowe m'chiwembu chopha akuluakulu onse a m'chombo, pogwiritsa ntchito mawu omwe aja oyamikira amene ankamuuza iyeyo. Nditafika poti Silver akutuma Dick kuti apise mumgolo amutengere apozi, Tadala anandigwira dzanja mpaka tochi inagwa.

Koma amene ananjenjemera kwenikweni ndine. Bambo anga anamwalira mu 1991. Chaka chotsatira, kufupi ndi kwathu ku Ndirande kunali bambo wina wa pachiwaya, wamkulu thupi, woseka ndi aliyense. Ankandiitana ndikamachokera kusukulu, kundipatsa tchipisi topserera ta pansi pa chiwaya, basera pamwamba, n'kumati, “Iwe m'dera lonse lino ndiwe wekha uli ndi mutu, ndinakuona tsiku loyamba.” Mwana wopanda bambo ukamuuza zimenezo wamugula. Ndinkamusendera mbatatesi ulere, kumutungira madzi. Pocheza ankafunsa mongodutsa, “Kwa a uje kuja kwati zii bwanji, apita kumaliro?” Ine n'kumayankha zonse, kudzionetsa kuti ndili ndi mutu ndithu. Nyumba zimenezo zinkathyoledwa, ine osalumikiza. Tsiku lina ndili kuseri kwa mpanda wa masaka ndikusenda, ndinamumva akuuza kamnyamata kena ka Sitandade 6 mawu omwe aja, osasintha ngakhale limodzi. Chimene chinandipweteka tsiku limenelo sichinali chakuti ndi wakuba, zimenezo ndinadzazimvetsa pambuyo pake apolisi atamutenga. Chinandipweteka n'chakuti sindinali ndekha wokhala ndi mutu. Ndipo mpaka lero ndalephera kudana naye bwinobwino. Ndikadutsa pa chiwaya fungo lija likandipeza, ndimakumbukira kuseka kwake, osati nyumba zothyoledwa.

Lachiwiri lapitali tinamaliza buku, ndipo ine ndi mwana wanga tinadziwira limodzi mathero. Silver sanapachikidwe. Pobwerera, chombo chitaima padoko lina, anazemba usiku pa kabwato atanyamula thumba limodzi la ndalama, ndipo sanamvekenso. Tadala analumpha pampando n'kuomba m'manja. Ine ndinati, “Iwe, ukuombera m'manja munthu wakupha anzake?” Koma m'mtima, ndisakunamizeni, nane ndinapuma.

Ndiye ndikufunsa ziwiri. Buku la mu 1883, la azungu okhaokha, la panyanja yomwe sitinaionepo, likumugwira bwanji mwana wa ku Zingwangwa mpaka kubisa rimoti? Chachiwiri, makolo anzanga, kuomba m'manja kuja ndide nako nkhawa?

Aphunzitsi opuma, Chilomoni

Bambo a Tadala, mwandikumbutsa kutali. Ndaphunzitsa Chingerezi zaka 31, ku Chiradzulu, ku Thyolo, kenako kuno, ndipo bukuli ndi limodzi mwa ochepa amene ndikaliwerenga m'kalasi Lachisanu masana, ana a kumbuyo aja ankasiya kugenda anzawo ndi mapepala.

Funso lanu loyamba yankho lake lili m'mene bukuli linabadwira. Silinayambe ngati buku. Mu 1881 Stevenson anali patchuthi ku Braemar, kumapiri a ku Scotland, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, ndipo m'nyumba munali mwana wa mkazi wake, Lloyd Osbourne, wosowa chochita. Anajambula mapu a chilumba kuti amusangalatse, ndipo nkhani inamera pa mapuwo. Ankalemba mutu umodzi patsiku n'kuwerengera banja lonse mokweza. Tsono m'gulu la omvera munalinso bambo ake, a Thomas Stevenson, injiniya womanga nsanja zounikira zombo, munthu wachikulire wosaseka wamba. Madalawo nkhani inawalowa ngati mwana, mpaka anakhala pansi n'kulemba okha mndandanda wa zinthu zoti zipezeke m'bokosi la Billy Bones, mmalinyero wokalamba amene ankasunga mapu a chumacho. Mukuona? Tsamba lililonse linkayenera kukhutiritsa kamnyamata ndi nkhalamba nthawi imodzi, ndiponso kudzera m'khutu, osati m'maso. Inu mwalibwezera pamalo pake, pabalaza, usiku, bambo akuwerenga. Mwana akumva za chuma ndi mfuti, inu mukumva za bambo wa pachiwaya, tsamba lake ndi lomwelo.

Chinanso, lisanakhale buku linkatuluka zigawozigawo m'magazini ya ana yotchedwa Young Folks, kuyambira Okutobala 1881 mpaka Januwale 1882, pa dzina longopeka la Captain George North. Mitu yake ilipo 34, yaifupiifupi, ndipo yambiri imathera pamene mtima uli m'mwamba. Amene tinakulira pa masewero a pawailesi timaidziwa njira imeneyi. Ndikadutsa pa Mandala ndimakumbukira kuti nyumba yakale ija inamangidwa mu 1882 momwemo, ndi anthu a ku Scotland komweko, patangopita zaka zochepa mishoni ya Blantyre itakhazikitsidwa mu 1876. Ndiye bukuli ndi tauni yathuyi ndi amsinkhu umodzi, tinganene kuti anavinidwa limodzi.

Za Silver, musadabwe kuti mukulephera kudana naye. Mwini wake anavomera kuti anamuumba kuchokera kwa mnzake wapamtima, mlakatuli William Ernest Henley, amene anadulidwa mwendo chifukwa cha TB ya m'mafupa, chimunthu chamawu aakulu, chansangala, chosagonja. Anamuchotsera ubwino wa mumtima n'kumusiyira mphamvu, kulimba mtima ndi kukoma m'kamwa. Munthu woipa wopangidwa kuchokera kwa munthu amene wolemba amamukonda sangatuluke ngati chilombo. Ndipotu dzina loyamba la nkhaniyi linali The Sea Cook, kutanthauza khukhi yemweyo. Mwini buku ndi iyeyo, Jim ndi maso athu chabe.

Pamene mwaphonya inu ndi pa fisi. Munamuika Silver m'khola la fisi, pomwe mwana wanu wamuzindikira kuti ndi Kalulu. Kodi Kalulu wa m'nthano zathu ndi munthu wabwino? Waulesi, wabodza, anakana kukumba chitsime koma madzi n'kumamwa, anzake n'kumawamanga. Koma ndi mwana uti amene anakhalapo pamoto n'kumapempha kuti Kalulu aphedwe? Tonse tinkamuombera m'manja akapulumuka, ndipo sitinakule tonse kukhala akuba. Ana amasiyanitsa kusirira ukathyali ndi kuufuna. Mufunseni yekha, mudzamva.

Nachisale, Bangwe

Ine mundikhululukire, ndithira madzi pamoto pang'ono. Bukuli ndinaliwerenga ndili Fomu 1 kusukulu yogonera konko, ndipo inde ndinalimaliza usiku umodzi m'bulangeti. Kukoma likukoma. Koma achimwene, mukuwerengera mwana wamkazi buku lomwe mkazi wooneka ndi maso ndi mmodzi yekha, mayi ake a Jim, ndipo chombo chisananyamuke n'komwe awasiya kale kumtunda. Si mwangozinso ayi, Stevenson mwini analembera mnzake kuti Lloyd walamula kuti m'nkhanimo musakhale akazi. Aphunzitsi apo aiwala dala.

Komabe mayi amenewo ndi okhawo amene ndimawapatsa ulemu m'buku lonselo. Mlendo, Billy Bones uja, wafera m'nyumba mwawo ali ndi ngongole, amuna a m'mudzi onse achita mantha kuwaperekeza, iwo abwerera ndi mwana wawo, atsegula bokosi, achifwamba ali m'njira, n'kukhala pansi kuwerengera ndalama imodziimodzi kuti atenge ya ngongole yawo yokha, osapitirira, osaperewera. Ine ndimagulitsa nsalu mumsika wa Limbe, mayi ameneyo ndimamudziwa, tili naye pabenchi. Palinso mkazi wa Silver, wachikuda ngati ife, amene mwamuna wake anamusiyira ndalama zonse za kubanki ndi udindo wogulitsa malo awo omwera mowa ku Bristol. Dzina sanamupatse, pakamwa sanatsegule. Nkhani ya ameneyo ndiye ndikadaigula.

Chinanso chimene chimandiwawa. Chuma chija n'cha ndani? Flint, kaputeni wakale wa achifwamba, anachipeza pobera zombo ndi kupha anthu, n'kuphanso amuna asanu ndi mmodzi amene anamuthandiza kukwirira. Adokotala a Livesey, amenenso ndi majisitireti, ndi bwana Trelawney atangoona mapu, palibe anafunsa za eni ake. Anangogula chombo. Kumapeto Jim wakhala m'phanga akusankha ndalama za maiko osiyanasiyana, za Angerezi, Afalansa, Asipanishi, Apwitikizi, ngati akusankha mtedza. Ndiye wakuba ndi Silver yekha? Kusiyana kwake ndi bwana Trelawney ndi jekete. Inu mukuda nkhawa kuti mwana waombera m'manja amene wathawa ndi thumba limodzi, osada nkhawa ndi amene atenga phanga lonse n'kukatchedwa olemekezeka.

Ndipo tisamaiwale zathu. Ife tinalira ndi Sikusinja ndi Gwenembe la a John Gwengwe, abale awiri, chuma cha kuulendo, magazi panjira, ndi kambalame kosatopa kuimba. Umbombo womwewo, koma m'chinenero choti simukanavutika kumasulira ndi tochi. Zaka zomwe Stevenson ankalemba za achifwamba ake, panyanja yathu pomwepa zombo za Jumbe zinkaolotsa akapolo kuchokera ku Nkhotakota. Zilumba tili nazo, Likoma, Chizumulu, Chisi pa Chilwa. Ine ndikudikira wondilembera za mtsikana wa pa Chisi amene wamva chinsinsi atabisala m'bwato.

Jr wa ku Mbayani

Madala, ine ulemu wanu, koma bukuli ndinalisiyira patsamba 40. Ndinapeza lenileni lija, osati lofewetsa, ndiye Chingerezi cha amalinyero chinandigwetsa. Chiganizo chimodzi dikishonale katatu, aaa, ndinabwerera ku foni.

Koma Pew ndimamukumbuka. Wakhungu, wooneka womvetsa chisoni, akupempha mwaulemu kuti wina amugwire dzanja, ukangomupatsa n'kukufinya ngati pulayala. Ndinalota zoipa. Ndipo kapepala kakuda kaja kamene anamupatsa Billy Bones m'manja, koti wapatsidwa mpaka 10 koloko usiku, ife a masiku ano timakalandira pa WhatsApp kuchokera kwa akatapila. Munthu n'kugwa nako pansi ndithu.

Mukamaliza mundibwereke, mwina ndi ndevu zimenezi ndingafike pa mgolo wa maapoziwo. Komatu mwandiululira kale mathero, si bwino zimenezo.

Mwana wa mtchona, Machinjiri

Ndimangowerenga osalemba pano, koma aphunzitsi atatchula bokosi la Billy Bones ndalephera kupirira.

Achinyamata ambiri amakwera basi pa Wenela osadziwa kuti dzinalo ndi la bungwe lija linkalemba anthu opita kumigodi ya golide ku Joni. Bambo anga anadutsa pamenepo mu 1971. Anabwerako mwamwayi chisanafike chaka cha 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 obwerera kwawo, Kamuzu n'kuletsa zolemba anthu. Anabwera ndi thiranki yachitsulo yobiriwira, chifuwa chosatha, ndi mawu ochepa. Thirankiyo inkakhala kunsi kwa bedi. Kiyi wake ankamuvala m'khosi pa chingwe. Ife ana tinkakhulupirira kuti muli golide weniweni, ndipo tinkanong'onezana usiku za chimene tidzagule.

Nditawerenga bukuli ndili Fomu 2, pofika pamene Jim akung'amba malaya a mtembo n'kupeza kiyi pa chingwe m'khosi, ndinatseka buku n'kutuluka panja. Zinali za m'nyumba mwathu. Ndipo taonani zimene anapeza pamwamba m'bokosimo: suti yabwino yopindidwa mosamala, yosavalidwapo. Pansi pake, pakati pa mfuti ndi wotchi yakale, tizigoba ta nkhono za kunyanja tisanu kapena tisanu n'kamodzi, mpaka Jim kudabwa kuti munthu woopsa chotere, wothawathawa moyo wake wonse, ankanyamuliranji timeneti. Bambo atamwalira mu 1989 tinatsegula thiranki pamaso pa akuluakulu. Munali suti yakuda yomwe sitinawaonepo atavala, bulangeti, mapepala a kumgodi, ndi timiyala tinayi tonyezimira tokulungidwa m'kansalu. Malume anapita nato kwa wodziwa, anati ndi miyala wamba. Ndili nato mpaka pano.

Ndiye bambo a Tadala, ine ndimati bukuli si la panyanja kwenikweni. Ndi la amuna amene amachoka kwawo kukasaka chuma kutali, ndipo dziko lino nkhani imeneyo ili m'banja lililonse, kaya ndi Wenela, kaya Teba, kaya anyamata a lero okwera basi ya ku Johannesburg. Muwerengenso tsamba lomaliza. M'chombo chija munali anthu 26 ponyamuka, koma mwa iwo obwerera ku Bristol anali asanu okha. Ben Gunn, amene anakhala yekha pachilumba zaka zitatu akulota tchizi, yemwenso ndiye anafukula chumacho, anapatsidwa mapaundi 1,000 n'kuwamaliza m'masiku 19, tsiku la 20 anali akupemphanso. Bambo anga anali ndi anzawo otero, obwera ndi njinga ndi wailesi mu Juni, pofika Khirisimasi agulitsa ndi nsapato zomwe. Jim mwiniwake akumaliza ndi kunena kuti ngakhale ndi ng'ombe simungamukokerenso kuchilumbako, ndipo usiku amadzidzimuka akumva mafunde ndi chinkhwe chija chikukuwa. Bambo anga nawonso ankadzidzimuka. Mayi ankangoti, gonani ana inu, akulota za kumgodi.

Ndili mwana mbali imeneyi sindinaione n'komwe, ndinkangothamangira pa Jim ali pamwamba pa mlongoti ndi mfuti ziwiri, wachifwamba Israel Hands akukwera ndi mpeni m'kamwa.

Aphunzitsi opuma, Chilomoni

Mayi Nachisale, sindinaiwale dala, ukalamba. Koma mwanena zoona, ndipo za jekete zija ndikadakhala m'kalasi ndikadazilemba pabolodi. Pokhapo ndingoti Stevenson sanawakomere kwambiri olemekezekawo. Trelawney ndi mbutuma yosasunga chinsinsi, ndiye anaulula za chuma mu Bristol monse n'kulola Silver kumusankhira amalinyero. Akuluakulu onsewo akanaphedwa pakanapanda mwana wosamvera malamulo. Ana zimenezi amazikonda kwambiri kuposa golide.

A Jr, yambani ndi lofewetsa, palibe manyazi. Kenako lenilenilo muziliwerenga mokweza, muona kuti Silver akamayankhula dikishonale safunika.

Bambo a Tadala, Zingwangwa

Zikomo nonse. Ndawerenga mayankho anu mokweza pabalaza, ndipo mayi a kunyumba akuti ndikuuzeni, mayi Nachisale, kuti akubwera ku Limbe kudzagula chitenje kwa inu chifukwa cha mawu a jekete aja. Akutinso mayi ake a Jim anachita bwino koma anachedwa nazo, iwo akanangonyamula thumba lonse, chenji n'kubweza mawa.

Ndinatsatira malangizo a aphunzitsi, ndinamufunsa Tadala chimene anaombera m'manja. Anati chifukwa achifwamba ena aja atafuna kumupha Jim m'linga muja, Silver anaimirira n'kuwaletsa. Ndinati, koma ankafuna kudzipulumutsa yekha, kuti Jim adzamuchitire umboni asapachikidwe. Anati akudziwa, koma anamuletsabe. Ndiye ndinamukumbutsa za Tom, mmalinyero wokhulupirika uja amene anakana chiwembu, Silver n'kumugenda ndi ndodo yake yoyendera pamsana, n'kumubaya ali pansi, Jim akuonerera ali m'tchire. Anakhala chete nthawi yaitali, akukanda chipsera cha pabondo. Kenako anati, “Ndiye apite, koma asabwerenso.” Ine zaka 30 ndakhala ndikusowa mawu onena za bambo wa pachiwaya uja. Sindinamuuze nkhaniyo, ndidzamuuza akakulako.

Za akazi ndinamufunsanso, kuti sizikukuwawa kuti m'chombo mulibe mtsikana? Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa, n'kuti, “Si Jim ndine?” Komabe mayi Nachisale sindikukutsutsani. Ndamutuma mnyamata wa pa Haile Selassie uja kuti akaona la a Gwengwe andisungire, wati amabwera mwa apo ndi apo ndipo sachedwa kutha. Achimwene a ku Machinjiri, yanu ija sindinathe kuimaliza mokweza, ndinanamizira kuti tochi yafooka.

Vuto latsopano ndi ili. Loweruka Tadala anang'amba pepala pakati pa kope la masamu, n'kujambula mapu a pulotu yonse, bafa, chingwe choyanikira, khola la nkhuku la aneba, ndi mtanda wofiira pansi pa papaya wa alandilodi. Anakwirira chitini cha zitsekerero za mabotolo ndi K200 ya mkate, n'kumupatsa Yankho mapu. Yankho mapu sawadziwa, wakumba maenje anayi, limodzi pa bedi la mpiru la mayi landilodi. Dzulo ndakhala ndikupepesa ndi khasu m'manja, ndipo K200 sinapezekebe chifukwa mwini mapu akuti anayeza mapazi atavala nsapato za amayi ake.

A Jr, Loweruka likudzali ndidzakhala pa Wenela cha m'ma 10 ndikuperekeza mlamu, mudzalitenge. Masamba ndawawerenga, alipo onse mpaka lomaliza, ndipo pobweza ndidzawerenganso pamaso panu. Ngati kwanuko kuli malume osuta chingambwe, muziligoneka kunsi kwa pilo.